Utoto wobiriwira wa malachite green: ntchito yake m'malabotale ndi kuopsa kwake m'maiwe a nsomba ndi m'zakudya

Unduna ukupereka nkhani ino kwa alimi a nsomba, amalonda a m'misika ndi anthu onse, makamaka okhala ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 ndi Mgona mumzinda wa Lilongwe, kuti adziwe bwino za utoto wobiriwira wotchedwa malachite green. Utotowu ndi chimodzi mwa zipangizo zimene akatswiri a m'malabotale amadalira poyeza chifuwa chachikulu, likodzo la m'matumbo ndi njoka zam'mimba. Komabe utoto womwewu ukalowa m'thupi la nsomba umasanduka mankhwala osaoneka ndi maso, amene amakhalitsa m'mnofu kwa miyezi ndipo akuganiziridwa kuti angayambitse khansa. Choncho malo ake oyenera ndi m'botolo ndi pagalasi la mu labotale. M'dziwe la nsomba zodya, m'chakudya chogulitsa ndi pabala la munthu suyenera kufikamo.

Utotowu ndi chiyani ndipo unachokera kuti

Malachite green ndi utoto wopangidwa m'fakitale, wosachokera ku zomera kapena ku dothi. Ukakhala wouma umaoneka ngati timibulu kapena ufa wobiriwira wonyezimira ngati chitsulo. Ukasungunuka m'madzi umatulutsa mtundu wobiriwira wopendekera ku buluu, ndipo ndi wamphamvu kwambiri moti kaufa kochepa kamasintha mtundu wa ndowa yathunthu ya madzi. Ukagwera m'manja kapena pachovala sutha msanga ngakhale mutachapa ndi sopo.

Kale anthu ankanyika nsalu mu utoto wochokera ku makungwa, mizu ndi masamba. Zinthu zinasintha mu 1856 pamene mnyamata wa ku England, William Perkin, anapanga utoto woyamba wochokera ku phula la malasha. Zitatero akatswiri ambiri, makamaka a ku Germany, anayamba kupanga mitundu ina. Otto Fischer anapanga malachite green mu 1877, ndipo Oscar Doebner anapeza njira ina yopangira utoto womwewu mu 1878. Mafakitale anaulandira msanga chifukwa unali wotchipa ndipo unkagwira bwino pa silika, ubweya wa nkhosa, zikopa ndi mapepala.

Dzina lake limasokoneza anthu ena. Malachite ndi mwala wobiriwira wokhala ndi kopa, umene umakumbidwa ku Copperbelt m'dziko la Zambia ndi ku Katanga m'dziko la Congo. Utotowu unangopatsidwa dzinali chifukwa chofanana mtundu ndi mwalawo. Mulibe mwala wa malachite kapena kopa mu utotowu, ndipo aliyense wogulitsa amene anganene kuti ndi wachilengedwe chifukwa cha dzina lake akunama. Pa mabotolo ndi mapaketi umalembedwanso ndi mayina ena monga Basic Green 4, aniline green, Victoria green B, kapena nambala ya CI 42000. Mayina onsewa akunena chinthu chimodzi.

Utotowu uli ndi makhalidwe awiri amene amafotokoza ubwino ndi kuipa kwake komwe. Choyamba, umamatirira kwambiri pa zamoyo zing'onozing'ono ndi kuzipatsa mtundu. Chachiwiri, umapha mitundu yambiri ya mabakiteriya ndi mafangasi ngakhale utakhala wochepa. Mu labotale makhalidwe amenewa amathandiza kuona ndi kusankha tizilombo. Kunja kwa labotale makhalidwe omwewa ndi amene amauchititsa kukhala poizoni.

Ntchito yake poyeza chifuwa chachikulu

Kachilombo koyambitsa chifuwa chachikulu kanadziwika pa 24 March 1882, pamene Robert Koch analengeza ku Berlin kuti wakapeza. Kachilomboka kali ndi khungu la mafuta lolimba ngati phula, ndipo kamakula pang'onopang'ono kuposa mabakiteriya ena ambiri. Zimenezi zimabweretsa vuto kwa woyeza, chifukwa makhololo a munthu amakhala ndi mabakiteriya ena a m'kamwa ndi pakhosi amene amaswana msanga. Akanati angosiyidwa, akanadzaza botolo lonse m'masiku awiri kachilombo ka TB kasanaoneke n'komwe.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, Ernst Löwenstein wa ku Austria ndi Kai Jensen wa ku Denmark anakonza chakudya cholererapo kachilomboka, chimene mpaka lero chimadziwika ndi mayina awo. Chimapangidwa ndi mazira a nkhuku, glycerol, michere ina ndi malachite green pang'ono, kenaka chimatenthetsedwa m'timabotolo topendekeka mpaka chitalimba. Ntchito ya utotowu m'menemo ili pawiri. Umapondereza mabakiteriya osafunikawo, pamene kachilombo ka TB kamapirira chifukwa cha khungu lake lolimba. Umaperekanso mtundu wobiriwira umene umachititsa kuti timagulu ta TB, timene timaoneka toyererako ndi tokhakhala, tizioneka mosavuta. Timabotoloti timasungidwa pa kutentha kwa madigiri 37, kofanana ndi thupi la munthu, ndipo woyeza amadikira mpaka masabata 8 asananene kuti palibe chimene chamera.

Ichi n'chifukwa chake zotsatira zina za makhololo zimachedwa. Wodwala amene wapereka makhololo ku chipatala cha Kawale, Area 25 kapena Bwaila nthawi zambiri amayezedwa ndi makina a GeneXpert kapena ndi maikulosikopu, ndipo njira zimenezi ndi zachangu. Koma pamene madokotala akufuna kudziwa ngati kachilombo kakumva mankhwala kapena ayi, makhololo amatha kutumizidwa ku labotale yaikulu ya TB ya dziko lonse, imene ili mu Lilongwe momwemuno, kuti kachilomboko kakaleredwe. Kuchedwako sikutanthauza kuti makhololo atayika. Wodwala apitirize kumwa mankhwala monga anauzidwira ndi kubwerera kuchipatala pa tsiku limene anapatsidwa. Mankhwala a TB ndi aulere m'zipatala za boma, ndipo TB wamba amachizika munthu akamwa mankhwala miyezi 6 mosadukiza.

Poyeza makhololo ndi maikulosikopu, tizilombo ta TB timapakidwa utoto wofiira umene sutsukika ndi asidi, kenaka zina zonse zimapakidwa mtundu wosiyana kuti tofiirato tionekere. Malabotale ambiri amagwiritsa ntchito utoto wa buluu wa methylene blue pa gawo lomalizali, koma ena amagwiritsa ntchito malachite green.

Ntchito yake poyeza likodzo ndi njoka zam'mimba

M'Malawi muli mitundu iwiri ikuluikulu ya likodzo. Likodzo la m'chikhodzodzo limadziwika ndi magazi mumkodzo, ndipo mazira ake amafunidwa mumkodzo. Likodzo la m'matumbo limabisala kwambiri, ndipo mazira ake amatuluka m'chimbudzi limodzi ndi mazira a njoka zam'mimba. Mitundu yonse iwiri imadzera m'nkhono za m'madzi, choncho ana osambira m'mitsinje ndi m'madambo, amayi ochapa ndi alimi a kudimba ndi amene amakumana nayo kwambiri.

Njira yodziwika padziko lonse yoyezera mazira m'chimbudzi imatchedwa Kato-Katz. Inayambira ku Japan mu 1954, ndipo Naftale Katz ndi anzake a ku Brazil anaikonzanso mu 1972. Woyeza amasefa chimbudzi pang'ono, n'kudzaza kabowo ka kachipangizo koyezera kamene kamatenga mamiligalamu 41.7, n'kuika chimbudzicho pagalasi. Pamwamba pake amavundikirapo kapepala koonekera mkati kotchedwa cellophane, kamene kanaviikidwa kwa tsiku lathunthu m'madzi osakaniza glycerol ndi malachite green. Glycerol imayeretsa chimbudzicho kuti kuwala kudutse, ndipo utoto wobiriwirawo umapereka maziko amene mazira amaonekerapo bwino popanda kutopetsa maso a woyeza.

Ubwino wa njirayi ndi wakuti imawerenga mazira. Popeza mamiligalamu 41.7 ndi gawo limodzi mwa magawo 24 a galamu, woyeza amachulukitsa mazira amene waona ka 24. Akaona mazira 10, ndiye kuti m'galamu imodzi ya chimbudzi muli mazira 240. Malinga ndi muyeso wa bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, likodzo la m'matumbo limatengedwa kuti ndi lochepa mazira akakhala pakati pa 1 ndi 99 pa galamu, lapakatikati akakhala pakati pa 100 ndi 399, ndipo lalikulu akafika 400 kapena kuposa. Manambala otere ndi amene amathandiza azaumoyo kudziwa madera ofunika kugawidwa mankhwala a praziquantel ndi a njoka zam'mimba m'sukulu. Makolo akapemphedwa kuti mwana apereke chimbudzi pa kafukufuku wa kusukulu, adziwe kuti ntchito yake ndi imeneyi.

Ntchito zina za mu labotale

Mabakiteriya ena, zinthu zikawavuta, amadzitsekera m'kambewu kolimba kamene kamapirira dzuwa, chilala ndi kutentha kwa zaka zambiri m'nthaka. M'gulu limeneli muli oyambitsa anthrax, amene amapha ng'ombe, mbuzi ndi nyama zakutchire n'kugwiranso anthu, komanso oyambitsa kafumbata. Mu 1933 Alice Schaeffer ndi MacDonald Fulton a ku America anafalitsa njira yoonetsera timbewu timeneti. Galasi limapakidwa malachite green n'kutenthetsedwa ndi nthunzi kuti utoto ulowe m'kambewuko, kenaka limatsukidwa ndi madzi n'kupakidwa utoto wofiirira wa safranin. Pa maikulosikopu timbewu timaoneka tobiriwira, thupi la bakiteriya n'kuoneka lofiirira. Ophunzira zachipatala, za ziweto ndi zaulimi amaphunzira njira imeneyi mpaka lero.

Oyeza zakudya amagwiritsanso ntchito utotowu pofunafuna Salmonella, bakiteriya woyambitsa kutsekula m'mimba amene amapezeka m'nkhuku, m'mazira ndi m'nyama yosasamalidwa bwino. Msuzi wolererapo bakiteriyayu umakhala ndi malachite green kuti mabakiteriya ena a m'matumbo asachulukane. Akatswiri ofufuza milandu nawonso ali ndi njira yoyesera magazi imene imagwiritsa ntchito mtundu wosaoneka wa utotowu. Ukakhudza dontho la magazi pamodzi ndi hydrogen peroxide umasanduka wobiriwira, ndipo wofufuza amadziwa kuti dontholo likufunika kuyezedwa mozama.

M'ntchito zonsezi pali chinthu chimodzi chofanana. Utoto umapakidwa pa makhololo, pa chimbudzi kapena pa chinthu china chimene chachoka kale m'thupi. Wodwala saumwa ndipo sabayidwa nawo.

Utoto wina wofanana nawo umene anthu amausokoneza

Pali utoto wina wa banja limodzi ndi malachite green umene Amalawi ambiri amaudziwa, ndiwo gentian violet kapena GV, wa mtundu wa pepo, umene azaumoyo akhala akupaka pa zilonda za pakhungu ndi za m'kamwa. Palinso brilliant green, umene ku Russia, ku Ukraine ndi m'mayiko oyandikana nawo amapaka pa timabala ting'onoting'ono. Wina ndi indocyanine green, wosiyana kotheratu kapangidwe kake, umene madokotala amabaya mumtsempha pofuna kujambula mitsempha ya m'diso kapena kuona mmene chiwindi chikugwirira ntchito.

Kufanana kwa mayina ndi mitundu sikutanthauza kuti wina angalowe m'malo mwa mnzake. Mankhwala opaka pabala amapangidwa ndi muyeso wake, amayeretsedwa, ndipo amavomerezedwa ndi bungwe loona za mankhwala m'dziko muno la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Ufa wobiriwira wogulidwa pa benchi kapena wotapidwa m'paketi yopanda chizindikiro sunadutse m'njira imeneyo, ndipo nthawi zambiri umakhala ndi zotsalira zina za kufakitale. Munthu asaupake pa chipere, pa bala, pa mchombo wa khanda kapena pa zilonda za ziweto.

Chifukwa chake suloledwa pa nsomba zodya

Kuyambira m'zaka za m'ma 1930 oweta nsomba m'mayiko ambiri anayamba kuthira malachite green m'madzi pofuna kupha fangasi yooneka ngati thonje imene imamera pa mazira ndi pa khungu la nsomba, komanso tizilombo toyambitsa timadontho toyera. Unkagwira ntchito ndipo unali wotsika mtengo, choncho unafala kwambiri. Vuto lake linadziwika patapita zaka zambiri.

Nsomba imayamwa utotowu kudzera m'makha ndi pakhungu. Ukalowa m'thupi umasandulika kukhala mankhwala opanda mtundu otchedwa leucomalachite green, amene amakhazikika m'mafuta ndi m'mnofu. Madzi a m'dziwe amatha kuyera m'masiku ochepa, nsomba n'kumaoneka yabwinobwino, koma mankhwalawa amatsalira m'mnofu kwa miyezi ingapo. Kutsuka, kuphika kapena kukazinga sikuwachotsa. Wogula sangawaone, sangawanunkhize ndipo sangawalawe. Amadziwika pokhapokha nsomba itayezedwa ndi makina a mu labotale.

Akatswiri atayesa mankhwalawa pa mbewa ndi makoswe a mu labotale anapeza kuti amawononga chiwindi, ndipo pa mbewa zazikazi zotupa za m'chiwindi zinachuluka. Utotowu ukuganiziridwanso kuti ungavulaze mwana wosabadwa. Mu 2021 nthambi ya WHO yofufuza za khansa, ya IARC, inaika leucomalachite green m'gulu la zinthu zimene zingathe kuyambitsa khansa mwa anthu. Izi sizikutanthauza kuti wodya nsomba imodzi yotere adwala mawa lake. Nkhawa ili pa banja limene likudya nsomba zoterozo mwezi ndi mwezi mosadziwa, makamaka ana ndi amayi oyembekezera.

Bungwe la Codex Alimentarius, limene limakhazikitsa miyeso ya zakudya padziko lonse pansi pa FAO ndi WHO, ndipo Malawi ndi membala wake, linagwirizana mu 2014 kuti palibe mulingo wa zotsalira za malachite green m'chakudya umene unganenedwe kuti ndi wosaopsa, ndipo linalangiza mayiko kuti asalole utotowu pa nyama ndi nsomba zodyedwa. Mayiko a European Union, America ndi Canada saulola pa nsomba zodya. Ku European Union nsomba imakanidwa ikapezeka ndi mamaikulogalamu 0.5 pa kilogalamu, mulingo wofanana ndi theka la galamu m'matani 1,000 a nsomba.

Amalonda a m'mayiko ena anataya misika chifukwa cha nkhaniyi. Mu 2005 boma la Hong Kong linapeza utotowu m'mikunga ndi nsomba zina zochokera ku China, ndipo linauletsa m'zakudya chaka chomwecho. Mu 2007 dziko la America linayamba kugwira pa doko mitundu ingapo ya nsomba zowetedwa ku China mpaka zitayezedwa, ndipo malachite green anali mmodzi mwa mankhwala amene anachititsa zimenezo. Chambo cha Malawi chili ndi mbiri yabwino kunja ndi kuno komwe. Alimi ochepa atagwiritsa ntchito utotowu, mbiri imeneyo ikhoza kuwonongekera onse.

Timabotolo ta mankhwala a nsomba zokongoletsera m'nyumba, monga mbuna zowetedwa m'magalasi, nthawi zina timakhala ndi malachite green. Pa timabotolo totere pamalembedwa kuti sitiyenera kugwiritsidwa ntchito pa nsomba zoti anthu adye. Mlimi wa chambo, makumba, chilinguni kapena mlamba asatengere chitsanzo pamenepo.

Phunziro la matenda a zilonda za nsomba a mu 2020

Nthawi imene mlimi amayesedwa kwambiri kugula mankhwala osadziwika ndi pamene nsomba zake zayamba kufa. M'mwezi wa July 2020 boma linatsimikizira kuti ku Mchinji kwabuka matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS, amene anagwira nsomba za mu mtsinje wa Bua ndi m'maiwe, kenaka anamvekanso m'maboma ena a m'chigawo chapakati. Matendawa anayamba kuoneka mu Africa cha m'ma 2006 ndi 2007 m'mitsinje ya Chobe ndi Zambezi. Amayamba ndi kachilombo kofanana ndi fangasi kotchedwa Aphanomyces invadans, ndipo amakonda nyengo yozizira. Nsomba imachita timadontho tofiira timene timakula n'kusanduka zilonda zakuya. Mlamba ndi matemba ndi zina mwa nsomba zimene zimagwidwa msanga.

Popeza malachite green amadziwika kuti amapha fangasi, mlimi angaganize kuti ndiye yankho. Koma kachilombo ka EUS kamalowa mkati mwa mnofu, kumene mankhwala othira m'madzi sachiza. Zotsatira zake mlimi amataya ndalama, nsomba zodwala zimafabe, ndipo zotsalazo zimakhala zosayenera kugulitsa. Akapyola muyeso pang'ono, utotowo umapha nsomba zamoyo, makamaka mbewu ya nsomba. Madzi a m'dziwe loterolo akatsegulidwa amakaphanso zamoyo za mumtsinje.

Chimene chimateteza dziwe ndi chisamaliro. Mlimi agule mbewu ya nsomba kwa oswetsa odziwika ndi alangizi a Dipatimenti ya Nsomba, asatenge ya kumtsinje. Asadzaze nsomba mopyola muyeso ndipo asathire chakudya chambiri chimene chimaolera pansi. Akatha kukolola aumitse dziwe ndi kuthira laimu motsata malangizo. Maukonde ndi ndowa zisayendayende kuchoka dziwe lina kupita lina zisanatsukidwe ndi kuyanikidwa padzuwa. Nsomba zakufa zichotsedwe tsiku lomwelo n'kukwiriridwa kapena kuwotchedwa. Laimu ndi mchere zimathandiza pa mavuto ena a pakhungu, koma muyeso wake umatengera kukula kwa dziwe ndi mtundu wa nsomba, choncho mlangizi ndiye awerengere. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Alangizi a nsomba amapezeka ku ofesi ya boma lililonse, ndipo ukadaulo wa ulimiwu ulipo ku koleji ya Bunda ya LUANAR ndi ku malo a kafukufuku wa nsomba a Domasi ku Zomba.

Matenda a EUS sagwira anthu, komabe nsomba ya zilonda siyenera kudyedwa kapena kugulitsidwa, chifukwa zilondazo zimakhala ndi mabakiteriya ena.

Kwa amalonda a m'misika

Ogulitsa nsomba ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 ndi Mgona ambiri amapikula kwa anthu ena, ndipo saona dziwe limene nsombazo zachokera. Wopikula afunse kumene nsomba zachokera ndi ngati zinathiridwa mankhwala aliwonse. Nsomba imene makha kapena khungu lake lili ndi mtundu wobiriwira wachilendo aikane. Komabe akumbukire kuti nsomba yokhala ndi zotsalira za utotowu nthawi zambiri sionetsa chizindikiro chilichonse, choncho chitetezo chenicheni ndi kugula kwa mlimi wodziwika amene amagwira ntchito ndi alangizi.

Opanga mafilizesi, zakumwa zotsekemera, maswiti ndi makeke agwiritse ntchito utoto wokhawo wopangidwira chakudya, wokhala m'paketi yake yolembedwa dzina la wopanga, zimene zili mkati ndi tsiku lothera mphamvu. Bungwe la Malawi Bureau of Standards ndi limene limaona za miyeso ya zinthu zoterezi. Utoto wa nsalu ndi utoto wa chakudya zimatha kufanana m'maso zikatapidwa m'timapepala, choncho utoto wotapa wopanda chizindikiro usagulidwe. Ku India akuluakulu oona za zakudya anachenjezapo za amalonda amene amaviika nsawawa, therere ndi ndiwo zina zamasamba mu malachite green kuti zioneke zatsopano, ndipo anaphunzitsa anthu kupukuta ndiwozo ndi thonje lonyowetsedwa ndi mafuta a liquid paraffin. Thonje likasanduka lobiriwira, ndiye kuti ndiwozo zinapakidwa utoto. Khalidwe lotere ndi chinyengo ndipo limaika miyoyo ya ogula pachiswe.

Kwa onyika nsalu, zikopa ndi zoluka

Amisiri onyika nsalu, okonza zikopa ndi oluka madengu, mikeka ndi zipewa amagwira utoto wa m'fakitale tsiku ndi tsiku, ndipo wina wobiriwira umatha kukhala wa mtundu umenewu. Avale magolovesi, aphimbe mphuno ndi pakamwa posungunula ufa, ndipo ateteze maso chifukwa utotowu umavulaza diso kwambiri. Mayi woyembekezera asagwire ntchito yosungunula ufawu. Mphika, ndowa kapena chigubu chimene munalowa utoto chisagwiritsidwenso ntchito pophika kapena kutungira madzi akumwa. Malichero ndi madengu oikamo ufa, usipa kapena ndiwo asanyikidwe mu utoto wa nsalu.

Madzi otsala asathiridwe m'ngalande, pafupi ndi chitsime kapena pa mjigo. M'malokeshoni athu nyumba n'zothithikana ndipo mabanja ena amamwa madzi a m'zitsime zosazama. Ngalande za m'malo amenewa zimakathira mu mitsinje ya Lilongwe ndi Lingadzi, ndipo madzi a mtsinje wa Lilongwe amakafika ku nyanja ya Malawi kudzera mu Linthipe m'boma la Salima. Amisiri asungunule utoto wokwanira ntchito ya tsikulo, ndipo afunse ogwira ntchito zaukhondo a Khonsolo ya Mzinda wa Lilongwe za katayidwe koyenera ka zotsala.

Ngozi ikachitika

Utoto usungidwe m'chotengera chake, pamalo okhoma, kutali ndi ana ndi zakudya. Usathiridwe m'botolo la zakumwa, chifukwa mwana amaona ngati ndi chakumwa chotsekemera. Ukalowa m'diso, disolo litsukidwe ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 15 ndipo wovulalayo apite kuchipatala ngakhale ululu utachepa. Ukagwera pakhungu, atsuke ndi sopo ndi madzi, n'kuvula chovala chimene chanyowa. Munthu akaumwa asakakamizidwe kusanza ndipo asapatsidwe mankhwala a zitsamba. Atengeredwe msanga ku chipatala chapafupi, monga Kawale, Area 25, Bwaila kapena Kamuzu Central, pamodzi ndi botolo kapena paketi yake kuti adokotala aone chimene wamwa. Milomo ndi zikhadabo zikayamba kuda, kapena akayamba kubanika, ndiye kuti magazi akulephera kunyamula mpweya bwino ndipo pakufunika changu.

Kumene mungakanene

Mlimi amene waona nsomba zikufa kapena zikuchita zilonda adziwitse mlangizi wa nsomba kapena wa zaulimi wa m'dera lake tsiku lomwelo, asanathire chilichonse m'dziwe. Amene anathira kale malachite green asagulitse kapena kudya nsombazo, ndipo auze mlangizi zoona kuti athandizidwe. Amene waona munthu akugulitsa ufa kapena madzi obiriwira opanda chizindikiro, n'kumati ndi mankhwala a nsomba, a ziweto kapena a zilonda, adziwitse wapampando wa msika, alangizi a zaumoyo a m'deralo, ofesi ya Malawi Bureau of Standards kapena ya Pharmacy and Medicines Regulatory Authority.

Unduna ukupempha mafumu, atsogoleri a mabuloko, makomiti a misika, magulu a alimi a nsomba ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti kuti afalitse uthengawu kwa anthu awo. Ukupemphanso aliyense amene wakhala akutsokomola kwa masabata awiri, akutuluka thukuta usiku kapena akuwonda mosadziwika bwino kuti akapereke makhololo kuchipatala, ndi makolo kuti alole ana awo kuyezedwa ndi kulandira mankhwala a likodzo ndi njoka zam'mimba azaumoyo akafika pasukulu.